Bwana 41, Mbuzi 0

Alamu anga, amene msewu wathu wonse unkawadziwa kuti a Osazimitsa, anayatsa makina awo a gemu tsiku lina Lachiwiri m'mawa, ndipo anamwalira patatha zaka makumi awiri ndi zitatu asanawazimitsepo ngakhale kamodzi. Imeneyi ndiyo ntchito yaikulu imene anagwira pa dziko lino. Anzawo anamanga nyumba, ena anaphunzitsa ana mpaka ku yunivesite, iwo analondera pulagi.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu munkawakonda. Ndinakuonani pa maliro paja. Inu ometa tsitsi munalira ngati amene wamwalirayo ndi mayi anu, ndipo inu osoka nsapato munakomoka, ngakhale ndinaona kuti munayamba mwasankha pamthunzi. Ine ndinalirako pang'ono chifukwa mkazi wanga ankandiyang'ana, ndipo omwalirawo anali achimwene ake. Koma popeza aliyense wanena zake zokoma, ndiloleni nanenso ndinene zanga, ine amene ndinapuma nawo mpweya wa m'chipinda chimodzi kuyambira Lolemba mpaka Loweruka kwa zaka zonsezo.

Shopu yathu ndi chipinda chimodzi, chitseko chimodzi, zenera limodzi loyang'ana kumsewu. Nzeru yoti tigwire ntchito pamodzi inali ya mkazi wanga. Anati mutu umodzi susenza denga, naiwala kuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Sabata yoyamba isanathe tinagula penti yachikasu n'kujambula mzere pakati pa simenti, kuchokera pakhomo mpaka kukhoma lakumbuyo. Kumanzere kunali kwanga, kumanja kwawo. Ketulo inkakhala pamzere penipeni.

Kwa inu amene simudziwa za magemu, masiku amenewo panali makampani awiri opanga makina osewerera pa TV, odana ngati mphaka ndi khoswe. Mayina awo enieni ankatipinda lilime, choncho tinkawatchula potengera zithunzi za pa katoni: ina inali Kadzidzi, ina Kambuku. Kadzidzi ankadya makaseti okhuthala olowetsa pamwamba, Kambuku ankadya madisiki. Amene wagula Kadzidzi sankabwereka gemu kwa mwini Kambuku, ndipo nthawi zambiri sankamupatsanso moni. Ine ndinkagulitsa ndi kukonza a Kambuku, monga munthu wanzeru aliyense. Alamu anali a Kadzidzi, mbalame imene ikalira padenga anthu sagona tulo, ndipo zimenezi zikukuuzani kale mtundu wa munthu amene tikukambayu.

Lachiwiri lija alamu anatulutsa Kadzidzi watsopano m'katoni n'kulowetsamo kaseti ya gemu ya nkhonya. Ine pakamwa panandiyabwa. Ndinanena mokweza, kuti ndi ometa tsitsi omwe amve kuseri kwa khoma, kuti pa makina ngati amenewo ndingawagonjetse uku ndikuwodzera. Alamu anangonditambasulira kontirola yachiwiri, kachogwirira kamabatani kaja. Gemuyo inkafuna kuti osewera alembe mayina a zilembo zisanu. Lawo analemba BWANA. Ine ndikadali kupukuta manja, analemba langa MBUZI. Ndinaseka nawo, chifukwa ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti pofika masana mbuziyo ikhala itagunda bwana wake.

Tinayamba 9 koloko. Pofika 4 koloko anthu anali atadzaza pazenera, osoka nsapato ali patsogolo ndi nsapato ya kasitomala m'manja. Alamu anandigwetsa maulendo makumi anayi ndi kamodzi. Ine sindinawagwetseko, ngakhale kungowapunthwitsa. Chala changa chachikulu chinatupa mpaka ndinagona nditachiviika m'kapu ya madzi.

Choipa cha gemu ija n'choti pakakhala palibe akusewera, mphindi ziwiri zilizonse inkaonetsa zotsatira pa sikirini, m'zilembo zazikulu ngati chikhatho: BWANA 41, MBUZI 0. Madzulo omwewo alamu anatembenuza TV kuti iyang'ane kumsewu, nati makinawo agona oyaka kuti odutsa azidziwerengera okha. Kuyambira pamenepo dzina limene anandipatsa makolo anga linatha ntchito. Amayi ogulitsa zipatso pakona amanditchula a Mbuzi mpaka lero, mwaulemu wonse, osadziwa kuti akunditukwana. Wobweretsa makalata anafunsapo mkazi wanga ngati iye ndi mayi Mbuzi.

Tsono mvetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mkati mwa kaseti ya Kadzidzi mumakhala kabatire kakang'ono ngati batani la malaya, kamene kamasunga manambala makina akazima. Kabatire kotere kamakhala zaka zisanu, kakalimba kwambiri zisanu ndi ziwiri. Kuti ukasinthe uyenera kuzula kaseti, ndipo ukazula kaseti kabatire katafa kale, manambala apita. Ine ndinkadziwa zimenezi ndipo iwonso ankadziwa. Zaka zoyambirira sankazimitsa chifukwa cha matama chabe, koma kabatire katafa, chimene chinkasunga manyazi anga amoyo chinali magetsi okha. Akanangoduka kwa kamphindi kophethira diso, MBUZI akanafafanizika mpaka kalekale. Anthu ena amapempherera mvula kapena ana. Ine kwa zaka zonsezo ndinkapempherera kamphindi kameneko.

M'mawa uliwonse ndikangolowa, ndisanavule n'komwe jekete, ankanyamula kontirola yachiwiri ija n'kuitambasula pamwamba pa mzere wachikasu.

"Alamu, tibwereze?"

"Ndili ndi ntchito," ndinkatero.

Masiku ambiri ntchitoyo ndinalibe. Chimene ndinkaopa chinali 42.

Kampani yanga ya Kambuku inali ndi nzeru za malonda. Pakatha zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi inkatulutsa makina atsopano, n'kulengeza kuti aja inkawatama dzulo aja tsopano ndi zinyalala, magemu atsopano sangaseweremo. Anthu ankadandaula kenako n'kubwera kudzagula, ndipo ine ndinkaona kuti dziko likuyenda bwino. Koma tsiku limene Kambuku watsopano wafika linalinso tsiku lokhalo limene alamu ankadumpha mzere. Ankabwera ndi tepi yomata ndi cholembera kukhutu, n'kunyamula makina anga osapempha. Ankawanunkhiza potulukira mpweya, kuwagogoda ndi chala, kuwayika kukhutu ngati munthu wosankha chivwende. Akatero ankamata tepi kunsi n'kulembapo chaka chimene adzafe.

"Uyu zaka zinayi," ankatero, "ngati mwini wake ndi wopemphera."

Chimene chinkandipweteka n'choti ankalondola. Akaphonya kwambiri inali miyezi itatu.

Kumbali kwawo anakhoma shelefu yaitali imene ankaitcha manda. Kambuku akafa moti sindingathenso kumudzutsa, alamu ankamupempha kwa mwini wake, n'kumugoneka pashelefupo tepi yake ikuoneka, nkhope kuyang'ana kwa Kadzidzi woyaka uja. Kasitomala wanga aliyense ankayenera kudutsa pamenepo asanafike patebulo langa. Wina akazengereza posankha pakati pa Kambuku wakuda ndi woyera, mawu ankachokera kutsidya la mzere omulangiza kuti asavutike mutu, onse amagona pashelefu imodzi. Mphunzitsi wina amene anabwera atatsimikiza kugula anatuluka atangogula tepi yomata.

Kambuku wachitatu, ndivomereze, ankatentha ngati simbi. Alamu anayamba kubwera ndi masokosi onyowa n'kundipempha mwaulemu kuti ndiwayatsireko gemu ya mpira kuti masokosiwo aume. Tsiku lina anaitana telala wa kutsidya kwa msewu kuti adzasitirepo kolala, ndipo telalayo, munthu wopanda manyazi, anabweradi ndi malaya. Alamu ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndinkabweza kuti tsobola wakale sawawa. Iwo ankangodikira kuti mphindi ziwiri zikwane, n'kuloza sikirini ndi mlomo.

Ma TV okha anapsereza asanu, poti TV ungaisinthe osakhudza makina. Zilembo zija zinkaonekera malo amodzi kwa zaka mpaka kudindika pagalasi, moti ngakhale TV itazima zinkawerengekabe. Imodzi mwa TV zimenezo anapatsa ometa tsitsi ngati mphatso. Chotero munthu ankati akumetedwa uku akuonera nkhani, kumbuyo kwa wowerenga nkhani kunkaoneka mzukwa wa MBUZI 0. Ine ndinayamba kukametetsa kutali, ulendo wa basi ziwiri.

Chaka chachisanu ndi chinayi, kampani ya Kadzidzi inagonja pa nkhondo. Inalengeza kuti yasiya kupanga makina, ndipo kuyambira tsopano izipanga magemu osewerera pa Kambuku. Tsiku limenelo ndinavala tayi. Ndinaima pamzere n'kuwerenga nyuzipepala mokweza katatu, kachitatuko pang'onopang'ono. Masana ake alamu anatenga pepala n'kulembera kampaniyo kalata ya masamba asanu ndi limodzi, yoiuza kuti mwana wake mmodzi akadali moyo ndipo ali bwino. Yankho linabwera patatha miyezi inayi. Linawathokoza chifukwa cha kukhulupirika kwawo, n'kuwadziwitsa kuti makinawo anapangidwa kuti akhale zaka zisanu zokha, choncho awazimitse msanga asanayatse nyumba. M'envulopu momwemo munali kapepala kotsatsa Kambuku.

Munthu wabwinobwino akanachita manyazi. Alamu anaika kalatayo m'felemu n'kuipachika pamwamba pa TV.

"Mwaona, alamu?" anatero. "Makolo ake omwe akufuna afe. Uyu tsopano ndi wamasiye, ndipo wamasiye satayidwa."

Kuchokera tsiku limenelo anadana ndi makampani onse awiri mofanana, ndipo chisangalalo changa chinathera pomwepo. Ndikanyoza kampani ya Kadzidzi, iwo ankandithandiza kunyoza, n'kuwonjezera mawu amene ine sindinawaganize.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Ulendo woyamba ndinapunthwa pa waya mwangozi, ngozi imene ndinaikonzekera masiku atatu. Ndinagwa bwino kwambiri mpaka kusupuka bondo, pulagi n'kuzuka, koma sikirini sinaphethire n'komwe. Munthu uja anali atalumikiza kale waya wachiwiri wodutsa kunsi kwa tebulo kupita ku batire la galimoto, kuti magetsi akathima batire lizilandira lokha. Anandipaka mankhwala pabondo ndi manja awo, ndipo m'mawa mwake anakhomera kabokosi kachitsulo kuzungulira pulagi, kokhala ndi loko. Kiyi wake anamumangirira pa chingwe m'khosi. Apa m'pamene dzina la Osazimitsa linakhazikika, chifukwa aliyense woyandikira ngodya imeneyo, kaya ndi tsache kaya ndi mwendo, ankamva mawu amenewo.

Ulendo wachiwiri ndinakanena kwa woyendera mawaya a magetsi kuti m'shopu mwathu muli msampha wa moto. Anabwera bambo wamkulu ndithu wa faelo m'khwapa, nkhope yosaseka. Ataona Kadzidzi faelo ija inagwa. Anati ali mnyamata anali ndi wotere, ndipo mkazi wake anamutaya posamuka. Anakhala maola awiri akusisita makinawo, n'kuwalangiza alamu njira yabwino yolumikizira batire lachiwiri popanda kuchotsa loyamba. Potuluka anapeza kuti soketi yosweka ili kumbali kwanga, ndipo chenjezo analembera ine.

Koma chimene sindidzawakhululukira, ngakhale ali m'manda, ndi cha tsiku la ukwati wa mwana wanga wamkazi. Magetsi anali atathima masiku awiri, ndipo mabatire onse a alamu anali akutha. M'mawa wa ukwatiwo galimoto langa linali pakhomo, lotsukidwa, lomangidwa maliboni, mkwatibwi atakhala kale kumbuyo ndi maluwa ake. Ndinapotokola kiyi, zii. Ndinapotokolanso, zii. Nditatsegula boneti ndinapeza pamalo pa batire pali kapepala kolembedwa bwino: "Ndabwereka. Ndi nkhani ya moyo." Mwana wanga anapita ku ukwati wake akukankhidwa ndi amuna asanu ndi mmodzi a masuti, ine bambo wake ndili pachiwongolero ngati woyendetsa ngolo. Amalume akewo anafika mochedwa, manja ali bii ndi girizi, n'kumunong'oneza mkwatibwi kuti asadandaule, wodwala wapulumuka. Ndipo mwana wanga, magazi anga enieni, anaseka mpaka kuwononga zodzola zakumaso. Pa zithunzi zonse za ukwati munthu yekhayo amene sakumwetulira ndine.

Ndinakhala miyezi iwiri osawalankhula. Iwo sanaone kusiyana kulikonse, ankangotambasula kontirola m'mawa uliwonse monga mwa masiku onse.

Kambuku wachinayi atafika, alamu anamununkhiza nthawi yaitali kuposa onse. Uyu sankafuna disiki, magemu ake ankabwera pa intaneti, ndipo analibe sikuluu ngakhale imodzi, anali womata ndi guluu kuzungulira konse. Anamata tepi yawo n'kulemba chaka, koma anawonjezera kuti ameneyu sadzafa ndi matenda, adzaphedwa ndi eni ake. Ndinawauza kuti ukalamba wayamba kuwalowa m'mutu. Chaka chimene analembacho chitakwana, m'mawa wina makina onse a mtundu umenewo anaonetsa uthenga umodzi, wothokoza makasitomala ndi kuwauza kuti kampani yatseka mbali yake, agule Kambuku wachisanu. Anthu anafola pakhomo panga ndi makina abwinobwino, opanda fumbi, opanda chilema, koma akufa. Ndinalibe choti ndikonze. Ndinakhala ndi sikuludiraiva m'manja tsiku lonse ngati munthu wobwera ndi khasu pa simenti.

Ndinkayembekezera kuti alamu aseka mpaka kugwa pampando, ndipo ndinali nditakonza kale mawu owabwezera. Sanaseke. Anatenga ketulo pamzere paja, n'kundithirira tiyi m'kapu yawo yabwino ija, n'kuiika patebulo langa. Pa chipongwe chonse chimene anandichita, chimenechi chinandiwawa koposa.

Chaka chathachi anayamba kuwonda. Ankati akakwera pampando kukapukuta fani ya Kadzidzi, ankatsika akupuma ngati athamanga. Dokotala anawauza kuti agonekedwe m'chipatala, iwo anakana milungu itatu chifukwa panalibe wosiyira makina. Mkazi wanga atalira mokwanira alamu anavomera, ndipo patapita mwezi mkazi wangayo anandituma kuti ndikawaone, ati achimwene ake akundifuna ineyo ndekha. Ndinapita chifukwa kunyumba kukanakhala kosakhalika.

Ndinawapeza atachepa pabedi moti bulangete linkaoneka ngati mulibe munthu. Anandionetsa kachingwe kapulasitiki kamene anawamanga pamkono, kolembedwa dzina, nati a kuchipatala nawonso amamata tepi koma aiwala kulemba chaka, ngakhale iwo anadzinunkhiza kale ndipo akuchidziwa. Kenako anavula chingwe cha m'khosi chija n'kunditambasulira kiyi, monga momwe ankatambasulira kontirola.

"Bwanji osapatsa ometa tsitsi?" ndinafunsa. "Si ndi amene amakukondani?"

"Ometa adzalira sabata imodzi, yachiwiri adzaiwala kuyang'ana batire. Chikondi chimatopa, alamu. Inu zaka zonsezi simunaphonyepo tsiku osayang'ana pulagi ija."

"Ndikazimitsa," ndinatero. "Ndikukuuziranitu muli moyo. Tsiku lomwelo ndikazimitsa."

"Kiyi ndi ameneyo," anatero, n'kutseka maso.

Anamwalira Lachisanu la sabata yomweyo, chaka chimene akanalemba pa tepi.

Titaika maliro ndinadikira masiku awiri, kuti anthu asanene kuti ndilibe khalidwe. Lachiwiri m'mawa ndinavala tayi ija. Mkazi wanga anandiyang'ana kuchokera kukhosi mpaka ku nsapato, nati zimene ndikupita kukachitazo ndikachite, koma ndisadzamuuze. Ndinayendetsa galimoto mpaka kushopu, ndinadumpha mzere wachikasu, ndinatsegula kabokosi kachitsulo kaja. Pulagi inali yofunda m'manja mwanga. Chotsala chinali kuizula ndi kumasula waya wa batire, ntchito yosakwana mphindi. Koma sindinafune kuchita mobisa ngati mbala. Manyazi anga anachitika anthu atadzaza pazenera, choncho ndinakhala pampando wa alamu kudikira kuti msewu udzaze.

Cha m'ma 10 koloko magetsi anathima okha. Ndinamva makina a ometa tsitsi akusiya kulira pakati pa mutu wa munthu. Batire la pansi pa tebulo linalandira monga mwa nthawi zonse, koma nthawi yomweyo kachipangizo kake kanayamba kulira kuti tswii, tswii, muvi wake uli pofiira. Milungu isanu alamu ali m'chipatala panalibe amene analisamala. Monga wodziwa ntchito ndinaona kuti latsala ndi mphindi khumi, mwina zosakwana.

Ndinkangofunika kukhala phee. Palibe akanandiloza chala, mkazi wanga akanati ndi ngozi, ndipo pofika masana ndikanakhalanso ndi dzina langa. Koma m'malo mosangalala ndinapsa mtima. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndadikira kuti ndichite ichi ndi dzanja langa, ndasupuka bondo, ndalandira chenjezo, mwana wanga wakankhidwa pamsewu ngati katundu, lero chidzachitike chokha chifukwa waya wina waduka kwinakwake? Munthu uja anandipatsa kiyi ine, sanapatse a magetsi.

Sindikumbukira bwino mmene ndinatulukira. Akuti ndinagunda dengu la amayi a zipatso, malalanje n'kumwazika msewu wonse. Ndinatsegula boneti, ndinamasula batire la galimoto langa ndi sipanala imene sindidziwa amene anandipatsa, ndinalinyamula pachifuwa tayi ikukwekwereza pa asidi. Msana unalira kuti khe, ndipo mpaka lero sunabwerere. Ometa tsitsi anabwera akuthamanga ndi kasitomala wometedwa theka, ndipo ndinawauza kuti agwire waya wofiira osanjenjemera. Ndinalumikiza batire lachiwiri loyamba likadali pomwepo, njira ija anaphunzitsa woyendera mawaya amene ndinamuitana ndekha. Sikirini inachita mdima m'mbali, n'kunjenjemera, kenako inawala. Tinadikira tonse, ine nditagwada pa simenti, mpaka zinatuluka: BWANA 41, MBUZI 0.

Pazenera anthu anali atadzaza monga tsiku lija. Anawomba m'manja, ndipo amayi a zipatso, malalanje awo akadali m'ngalande, anati a Mbuzi mwachita bwino, Mulungu akudalitseni.

Osoka nsapato ndiwo anabweretsa nzeru yoti, popeza mwini wake kulibe, nditenge kontirola ndipezeko kamodzi kokha, ziro uja achoke. Anthu anavomereza, ndipo kunena zoona nanenso ndinaona kuti ndi chilungamo. Ndinatenga kontirola yachiwiri ija, yoyamba ili pampando pawo. Belu linalira. Wankhonya wa alamu anatuluka pakona yake n'kuima pakati, manja ali pansi. Ndinamumenya chibakera chimodzi chabwino, choyamba kumufika pankhope chiyambire. Mutu wake unapita kumbuyo n'kubwerera, ndipo anangoima pomwepo kundiyang'ana, kudikira. Ndinamva chisoni chimene sindinachimve pa maliro, ndipo chinandikwiyitsa kwambiri. Ndinaika kontirola pansi mpaka nthawi inatha, gemu n'kunena kuti palibe wapambana poti palibe anagwa. Ndinauza anthu kuti chala chija chayambanso kupweteka, abalalike.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Msewu wathu wazizira, ndipo sindikunena izi powayamikira, ndikungonena zimene zilipo. Telala sawolokanso msewu. Ometa tsitsi amameta mwakachetechete pansi pa TV yawo ya mzukwa. Mwezi watha anatitumizira Kambuku wina watsopano, wopyapyala ngati buku, ndipo anakhala patebulo langa tsiku lonse popanda womununkhiza. Ndinamugulitsa kwa mayi wina amene anandifunsa kuti akhala zaka zingati, ndipo ndinayang'ana kutsidya la mzere ndisanakumbukire kuti yankho silichokeranso kumeneko. Penti yachikasu ija yafufuta, koma ketulo ndimaiikabe pomwepo.

Galimoto langa lili pakhomo pa shopu, matayala akuphwa, chifukwa batire lake lili ndi ntchito ina. Ndimayenda wapansi, ndipo ndimafika molawirira kuti ndione muvi ndi kupukuta fani. Sabata yatha ometa tsitsi analowa kudzandithandiza kusesa, tsache lawo n'kuyandikira ngodya ija. Kunamveka mawu akuti "Osazimitsa!" amphamvu moti anthu a pamsewu anatembenuka kuyang'ana pampando wa alamu. Pampandopo panalibe munthu, amene anakuwa ndinali ine.

Musandimve molakwa. Munthu uja ndimadana naye mpaka pano, ndipo pochoka anandisiyira goli limene ankadziwa bwino lomwe kuti sindidzalivula msanga. Kiyi ali m'khosi mwangamu. Mkazi wanga akandifunsa kuti kodi zija ndinachita, ndimamuuza kuti ndizimitsa Lachiwiri, ndipo iye safunsa kuti Lachiwiri liti. Ndidzazimitsa ndithu, ndekha, ndi dzanja langali, tsiku limene ndidzafune ine. Lero lokha ayi, lero ndili ndi ntchito.